Msonkho tikudula, nanga khonsolo ya Blantyre ikutichitira chiyani?

Nasibeko (woyang'anira gulu):
Moni nonse. Chaka chilichonse khonsolo ya mzinda wa Blantyre ikamakonza bajeti timamva mawu omwe aja: tikweza maphunziro, titsegula mwayi wa mabizinesi, tithana ndi ziphuphu, titolera msonkho mwadongosolo. Muno muli aphunzitsi, ochita geni, malandilodi, ena munagwirako ntchito m'makhonsolo. Tiuzane poyera, chikuyenda n'chiti, chakanika n'chiti, ndipo chikukanikitsa n'chiyani? Zachipani ayi chonde. Wotukwana ndimutulutsa.

Nachisale wa Tomato:
Ndiyambe ine amayi, poti msonkho ndimaudziwa kuposa ambiri muno. Ife a pamsika chiphaso timadula tsiku lililonse. Wagulitsa, sunagulitse, mvula yagwa, tomato waola, wodula ziphaso afika basi. Koma chimbudzi n'cholipiranso pachokha, madzi timagula pa ndowa, zinyalala zimaunjikana mpaka kasitomala amagula atagwira mphuno. Kudula sindikukana ayi. Ndikungofuna kuona kumene ndalamayo ikugwa.

Kabaza Wachangu:
Mwalasa amayi. Ifenso pa lita iliyonse ya petulo pali msonkho wa misewu. Shuga tikagula pali VAT, mayunitsi pali msonkho. Ndiye mvula ikagwa tapitani m'makwalala a ku Mbayani kapena ku Chirimba mukaone mmene njinga ikuvinira. Akhonsolo ndalama zonsezi akudya ndi ndani?

Kalaliki Wopuma:
Mwana wanga wa kabaza, pamenepo ndi pomwe ambiri timasokonezeka, ndipo andale amakondwa tikamasokonezeka chomwechi. VAT, msonkho wa pa malipiro ndi wa katundu wolowa m'dziko amatolera ndi a MRA, ndipo zimapita ku thumba la boma ku Lilongwe. Msonkho wa misewu wa pa mafuta umapita ku Roads Fund Administration, iwo ndiwo amagawira makhonsolo kagawo kokonzera misewu ya m'mizinda. Ndalama imene khonsolo imatolera yokha ndi ya ma city rates, amene ndi msonkho wa nyumba ndi malo, kenako malayisensi a mabizinesi, ziphaso za m'misika, zolipira poimika galimoto, zikwangwani zotsatsa malonda ndi zovomereza mapulani a nyumba. Pa zonsezi msana weniweni ndi ma city rates. Ziphaso za amayi Nachisale zimapweteka wodula, koma mukaziika pambali pa zimene nyumba za m'tauni ndi mafakitale a ku Makata ayenera kupereka, n'zochepa kutalitali.

Vuto ndi loti chiphaso n'chosavuta kutolera. Mayi ali pabenchi, sangathawe, alibe loya. Mwini nyumba yosanja akalandira kalata ya ngongole amathamangira ku khothi kukatenga chiletso, nkhani n'kugona zaka. Komanso ena mwa angongole akuluakulu a ma city rates m'mizinda yathu ndi maunduna ndi nthambi za boma lomweli. Ndiye timakama ng'ombe yowonda m'mawa uliwonse, yonenepa ili phee m'khola ikubzikula.

Nachisale wa Tomato:
Eee, ndiye kuti boma nalo lili ndi ngongole kwa khonsolo? Ife tikachedwa tsiku limodzi amatilanda sikelo.

A Phiri a Malendi:
Achikulire a Kalaliki, musatiike tonse m'thumba limodzi. Ine ndili ndi tinyumba ta lendi, si nyumba yosanja. Msewu wobwera kwathu tinasonkherana tokha kugula miyala. Dzenje la zinyalala ndinakumbitsa ndekha. Usiku mdima wa ndiweyani, timalipira achitetezo a m'dera mwezi uliwonse. Ndiye wina abwere ndi pepala ati city rates? Ayambe agwira ntchito, ine ndidzalipira osadandaula.

Kalaliki Wopuma:
A Phiri, mawu amenewo ndawamva zaka zonse zimene ndinali pa ntchito. Inu mukuti ayambe agwira ntchito, khonsolo ikuti muyambe mwalipira kuti igule dizilo wa galimoto yokataya zinyalala ku Mzedi. Aliyense akudikira mnzake, zinyalala zikukwera. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000 mumzinda uno, ndipo oposa theka amakhala m'malo amene sanayalidwe mwa pulani. Nyumba zambiri za kumeneko sizili n'komwe m'buku la khonsolo. Lamulo limati buku lowerengera mitengo ya nyumba lizikonzedwanso zaka zisanu zilizonse, koma ntchitoyo ndi yodula, imafuna akatswiri ovomerezeka amene m'dziko muno ndi ochepa, ndiye imachedwa. Pamene ikuchedwapo kwacha ikugwa. Mu Novembala 2023 mokha inagwa ndi 44 peresenti. Msonkho wowerengedwa pa mtengo wakale, dizilo wogula pa mtengo wa lero, masamu ake sangatheke.

Malume a ku Joni:
Ndilowererepo ndili kuno ku Johannesburg. Kuno mzinda uli ndi makampani akeake: City Power ya magetsi, Johannesburg Water ya madzi, Pikitup ya zinyalala. M'madera ambiri zonsezi zimabwera pa bilu imodzi pamodzi ndi ma rates. Ukazembazemba amakudulira magetsi, mawa lake uli pamzere kukalipira. Kwathuko magetsi ndi a ESCOM, madzi ndi a Blantyre Water Board, khonsolo ilibe choti ingazimitse. Koma musaganize kuti kuno ndi kumwamba. Maenje m'misewu aliponso, madzi amasowa masiku, mabilu olakwika ndiye osanena. Kungoti mzinda uli ndi chogwirira munthu.

A Phiri a Malendi:
Malume, chonde maganizo amenewo asafike ku Civic Centre, kulikulu la khonsolo. Magetsi ake omwe akuzimazima okhawa, wina adzazimitsenso dala?

Mwana wa Malamulo:
Sitikusowa kupita ku Joni, chitsanzo chili konkuno. Khonsolo ya Mzuzu kuyambira cha mu 2013 inasintha kawerengedwe. M'malo modikira katswiri kuti ayeze nyumba imodziimodzi, anatumiza anthu kuzungulira mzinda wonse kulemba nyumba iliyonse: kukula kwake, denga ndi la malata kapena la udzu, khoma ndi la njerwa zootcha kapena zidina, pali mpanda, pali madzi, msewu wake ndi wotani. Chilichonse chimapatsidwa mapointi, kompyuta n'kutulutsa msonkho. Nyumba zolembedwa zinachoka pa 10,000 kufika cha m'ma 40,000, ndipo ndalama zotolera zinakwera kangapo m'zaka zochepa. Wa kanyumba kakang'ono amapereka kochepa, wa mpanda wa waya wa magetsi amapereka zambiri, ndipo munthu atha kufunsa kuti bwanji ine mwandiwerengera chonchi, n'kumuonetsa. Chopinga chinali lamulo lomwe lija lofuna akatswiri ovomerezeka. Ndiye nkhani ina si ya khonsolo yokha, ndi ya aphungu ku Nyumba ya Malamulo.

A Phiri a Malendi:
Mwana iwe ukufuna anthu adzalembe mpanda wanga? Ukudziwa kuti msonkho ukakwera ine ndingokweza lendi? Wolira adzakhala wa kabaza yemweyu.

Kabaza Wachangu:
Lendi mumakweza kale popanda chifukwa bwana, ndiye bola mukweze msewu uli bwino.

Madamu a Sitandade 2:
Ndakhala ndikuwerenga phee, koma mwaiwala ana. Sukulu ya ulere itayamba mu 1994 ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni chaka chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo zipinda sizinakwanepo. Anthu amaganiza kuti vutoli ndi la kumudzi. Bwerani m'sukulu za m'mataunishipi muone. Boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60, koma m'makalasi ang'onoang'ono kupeza ana oposa 100 si zachilendo. Mwana wa Sitandade 2 akufunika umugwire dzanja polemba, umve mmene akutchulira ba be bi bo bu. Ndi ana ochuluka chonchija umangophunzitsa a kutsogolo, a kumbuyo akungoyasamula. Kenako timadabwa kuti wafika Sitandade 5 osatha kuwerenga ndime.

Malipiro athu amachokera ku boma, mabuku ndi silabasi ndi za unduna, mayeso a Sitandade 8 ndi a MANEB. Koma mu ndondomeko ya mphamvu ku anthu sukulu za pulayimale zili m'manja mwa makhonsolo. Chimene ine ndimayembekeza kwa khonsolo si kuti indiphunzitse kuphunzitsa ayi. Ndi malo, zipinda, zimbudzi, madzi ndi mpanda. Mzinda ukukula kulowera ku Machinjiri, ku Chileka, ku Mpemba, anthu akugulana mapuloti, koma ndani akusiya malo a sukulu? Ngakhale mabwalo a sukulu zakale anthu akumangamo pang'onopang'ono. Lero hokala, mawa nyumba, mkuja bala pafupi ndi kalasi.

Gogo wa ku Soche:
Aphunzitsi anena zoona. Kolera uja atavuta, mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa. Sipanapite nthawi, mu Malichi, namondwe Freddy anagumula phiri kuno, matope anakokolola anthu ku Chilobwe, ndipo amene anapulumuka anakagona m'makalasi. Adzukulu anga anakhala kunyumba nthawi yaitali. Zonse ziwirizi muzu wake ndi umodzi: madzi, zimbudzi, ndi kumanga pamalo osayenera. Ndiye musamati maphunziro pano, ukhondo apo, mapulani uko. Kwa mwana zonsezi ndi chinthu chimodzi.

Kalaliki Wopuma:
Agogo, za kumanga m'phirizo tisangoloza khonsolo yokha. Malo mu Blantyre ali ndi eni ambiri: unduna wa za malo, Malawi Housing Corporation, khonsolo, anthu ndi makampani amene ali ndi mapepala awo, kuwonjezera mafumu a m'tauni amene amagawa malo ngakhale lamulo silinawapatse mphamvu imeneyo mumzinda. Khonsolo ikapita kukagwetsa nyumba yomangidwa pamalo oletsedwa, anthu amatola miyala, wandale amabwera kudzati awa ndi anthu anga asiyeni. Tsoka likagwa aliyense amafunsa kuti akhonsolo anali kuti.

Madamu a Sitandade 2:
Komabe achikulire, sukulu zili ndi kandalama kotukulira sukulu kamene boma limatumiza, kaja timati SIG. Kamachepa, kamachedwa, kakafika mtengo wa simenti wasintha. Ndiye komiti ya sukulu imapempha makolo kuti asonkhe ya chitukuko, ya mlonda, ya madzi. Kholo limati paja munati sukulu ndi yaulere? Mkangano umathera pa ife aphunzitsi. Phala la Mary's Meals, limene linayambira mu Blantyre momwe muno mu 2002, lasunga ana ambiri m'kalasi kuposa malonjezo onse amene ndawamva pa misonkhano. Chimene ndikanakonda n'choti khonsolo inene poyera kuti pa ma city rates amene yatolera chaka chino, mwakuti tamangira zimbudzi za atsikana pa sukulu zakutizakuti. Ngakhale zikhale sukulu zitatu zokha. A Phiri akadzaona ndi maso mwina dzanja lidzafewa.

A Phiri a Malendi:
Madamu, mukadzandionetsa chimbudzicho ndi risiti yake ndidzabwera ndi malata awiri apamwamba. Ndanena pagulu.

Che Hardware wa ku Limbe:
Tsopano tikambe za bizinesi, poti ine ndi amene ndimalipira mbali zonse. Dzina la bizinesi ndinalembetsa kwa Registrar General, nambala ya msonkho kwa MRA, layisensi kwa khonsolo chaka chilichonse, lendi kwa mwini nyumba amene anaikamo kale city rates yake. Ndikatsegula shopu m'mawa, pakhomo penipeni pali mnyamata wayala maloko, mabulashi ndi mawaya omwe ndikugulitsa ine, pa mtengo wotsika chifukwa iye alibe zonsezi. Sindikumuda mnyamatayo, akusaka ya ufa. Koma ngati khonsolo ikufuna anthu azilembetsa mabizinesi, wolembetsa aziona phindu lake. Pano wolemekeza lamulo ndi amene akulangidwa.

Kabaza Wachangu:
Che Hardware, ena mwa anyamata a pakhondewo katundu amapikula kwa eni mashopu omwewo, madzulo n'kukapereka ndalama. Tisanamizane.

Che Hardware wa ku Limbe:
Alipo ochita zimenezo, sindikana. Ine ayi.

Gogo wa ku Soche:
Za mavenda ife tinaonera kale filimu yake. Mu 2006, nthawi ya Bingu, kunali Operation Dongosolo. Misewu ya Limbe ndi Blantyre inayera, munthu umayenda osaponda tomato wa mwini. Anthu anawalowetsa m'misika. Patapita zaka anabwereranso, ndipo chisankho chikayandikira palibe amene amafuna kuwakhudza. Kenako chikadutsa timaonanso galimoto za khonsolo zikuthamangitsana ndi amayi a nthochi. N'chimodzimodzi nyumba zakutha zija anazipaka nyenyezi yofiira kuti zigwetsedwe. Zina mpaka utoto wa nyenyeziyo unasuluka nyumba ili chiimire.

Nachisale wa Tomato:
Agogo, wogulitsa amatsata wogula. Munthu watsika minibasi akuthamangira kwawo, sangalowe mpaka mkati mwa msika m'matope kukafuna anyezi. Ife amene tili mkati timadula chiphaso n'kumaonerera a panja akugulitsa. Ikafika 4 koloko nafenso timanyamula mabeseni kutuluka, tidye chiyani? Mukafuna anthu akhale mumsika, minibasi ziziimira pamsika, mukhale denga, simenti pansi, magetsi kuti tizigulitsa mpaka madzulo, ndi pothira madzi moto ukabuka. Misika ingati yapsa m'dziko muno anthu n'kutaya mpamba wonse? Ambiri mpamba wake ndi wa banki m'khonde kapena katapila. Moto ukadutsa ngongole imatsala.

Mwana wa Malamulo:
Pa mwayi wa bizinesi pali khomo lina limene sitiliyang'ana. Khonsolo nayonso ndi kasitomala wamkulu: imagula madesiki, mayunifolomu, njerwa, imalemba anthu osesa, okumba ngalande, odula udzu. Mu 2020 boma linatulutsa lamulo loti mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakati azipatsidwa gawo pa zogula za boma. Akalipentala a ku Ndirande amene amapanga mipando yokongola ija atati apange gulu lolembetsedwa, bwanji osapanga madesiki a sukulu za a Madamu? Ndalama ya mumzinda izizungulira mumzinda momwemo.

Che Hardware wa ku Limbe:
Pa pepala n'zokoma mwana wanga. Koma wabizinesi wamng'ono akapereka katundu ku ofesi za boma amadikira malipiro miyezi, ngongole ya kubanki ikubereka. Ine ndinaperekapo katundu ku ofesi ina, sinditchula, ndinayendera cheke mpaka nsapato kutha, wina n'kundinong'oneza kuti fayilo imayenda ikadya. Kuchokera pamenepo ndimagulitsa kwa wobwera ndi ndalama m'manja basi. Ndiye musanatiitane ku matenda, konzani kalipiridwe. Tenda yake ikhomedwe poyera, wopambana alembedwe dzina ndi mtengo wake, ndipo tsiku lolipira lidziwike.

Nasibeko (woyang'anira gulu):
A Che Hardware mwati matenda, ena ayamba kufunsa kumbali kuti kwagwa matenda anji. Akunena ma tender abale. Pitirizani, tafika pa ziphuphu tsopano.

Nachisale wa Tomato:
Pa ziphuphu ndinena zimene aliyense wa mumsika m'dziko muno amadziwa. Wodula ziphaso amatha kunena kuti mayi, ingondipatsani theka, chiphaso chisiyeni. Wogulitsa amaona ngati wapulumutsa, winayo waika m'thumba. Onse awiri akondwa, koma msika ndi umene waluza. Tsiku lomwelo tikudandaula kuti zinyalala sizikuchotsedwa. Bwanji osangolipira pa Airtel Money kapena Mpamba, uthenga n'kubwera pa foni? Ndalama isadutse m'manja mwa munthu.

Kabaza Wachangu:
Nanga netiweki ikagwa? Nanga agogo ogulitsa masamba opanda foni? Komanso amene amadya pamenepo sangalole, makinawo adzangoti awonongeka sabata yoyamba.

Kalaliki Wopuma:
Kuwonongeka kwa makina kumeneko ndi nkhani yeniyeni, osaseka. Njira ya foni imathandiza pokhapokha ngati wina kumtunda akuyang'ana manambala tsiku ndi tsiku n'kufunsa kuti msika wa mabenchi mwakuti walowetsa bwanji ndalama yochepa chonchi. Komanso tikumbuke kuti wodula ziphaso ndi nsonga chabe. Malipiro ake ndi ochepa, nthawi zina amachedwa. Ndalama zikuluzikulu zimatayika pa mapuloti, pa kuvomereza mapulani a nyumba, pa makontirakiti a misewu, ndi pa kufufuta ngongole za ma rates mwakachetechete.

Pali mbiri imene achinyamata muyenera kuidziwa. Lamulo la maboma ang'onoang'ono ndi la 1998. Makhansala oyamba tinasankha mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo kuchokera pamenepo mpaka chisankho cha 2014 dziko lino linalibe makhansala. Zaka zisanu ndi zinayi makhonsolo akuyendetsedwa ndi ogwira ntchito okha, popanda wosankhidwa ndi anthu wowafunsa. Zizolowezi zambiri zoipa zinamera nthawi imeneyo. Pakati pomwepo, mu 2010, lamulo linasinthidwa: aphungu anapatsidwa voti m'khonsolo, ndipo mkulu woyendetsa khonsolo anayamba kusankhidwa ndi nduna. Ndiye taganizani. Meya amasankhidwa ndi makhansala anzake, amakhala zaka ziwiri ndi theka. Amene akugwira ndalama ndi antchito ndi mkulu wa khonsolo, ndipo amene anamuika pampando ali ku Lilongwe. Inu mukakwiya mumatukwana meya pa wailesi, koma meyayo sangachotse munthu ameneyu.

Gogo wa ku Soche:
Nthawi ya a Noel Chalamanda, atangolowa umeya mu 2014, tinaona maluwa m'misewu ndi ntchito yosesa mzinda, anthu n'kuyamba kunyadira. Koma zaka ziwiri ndi theka n'zochepa, munthu akungoyamba kudziwa makiyi a ofesi nthawi yatha.

Mwana wa Malamulo:
Pa za aphunguzo zinthu zinagwedezeka. Mu 2025 khothi loona za malamulo aakulu a dziko linagamula kuti aphungu kuvota m'makhonsolo komanso kuyendetsa thumba la chitukuko cha m'madera awo la CDF n'kosemphana ndi malamulowo, chifukwa ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza boma, osati kugula simenti. Amene amagula yekha n'kudzilondoloza yekha sangadzigwire. Koma ndalama zikachoka kwa phungu n'kupita ku khonsolo sindiye kuti zasanduka zoyera. Zimangosintha khomo, ndiye maso athu asamukire komweko.

Zida zilipo kale. Bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB lilipo kuchokera pa lamulo la 1995. Maofesi a boma, kuphatikizapo makhonsolo, amayenera kukhala ndi makomiti oona za umunthu ndi chilungamo pa ntchito. Mkulu wofufuza mabuku a boma amayendera makhonsolo, malipoti ake amapita ku Nyumba ya Malamulo. Ndipo chachikulu kwa ife, lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Munthu wamba atha kulemba kalata kufunsa kuti msika wakuti unatolera zingati chaka chatha, ndipo zinagwira ntchito yanji. Akakana popanda chifukwa, kuli Malawi Human Rights Commission imene imayang'anira lamuloli.

Kabaza Wachangu:
Makomiti, malipoti, makalata. Achimwene, chichitikireni Cashgate mu 2013 tamva malipoti angati? Ine ndimakhulupirira ndikaona munthu wavala yunifolomu ya kundende ya Chichiri, osati ku Civic Centre koma mbali inayo.

Malume a ku Joni:
Hahaha, mphwanga, zonse zili ku Chichiri komweko, mtunda wake ndi waufupi. Koma usanyoze kalata. Kuno magulu a anthu okhala m'madera ndi amene amasautsa mzinda, amapita ku misonkhano ya bajeti atawerenga kale manambala. Kwathuko msonkhano wa khansala timapita pokhapokha tamva kuti kuli ma alawansi kapena makuponi.

Madamu a Sitandade 2:
Malume mwatilasa. Ndifunse muno, ndani akudziwa dzina la khansala wa dera lake, osayang'ana pa foni?

A Phiri a Malendi:
Ine ndimamudziwa, amabwera pa maliro.

Madamu a Sitandade 2:
Ndiye vuto lake limenelo bambo. Khansala timamuyeza ndi bokosi la maliro ndi galimoto yonyamula anamfedwa. Munthu amene malipiro ake ndi ochepa, ife tikumupempha za m'thumba tsiku lililonse, mukuganiza azitenga kuti? Tikumukankhira tokha kumene tikuti asapite. Pamene ntchito yake yeniyeni ndi kukakhala pa komiti ya zachuma kapena ya maphunziro n'kufunsa kuti zipinda zija munalonjeza zili pati.

Kalaliki Wopuma:
Ndiwonjezere chimodzi kuti tisawaunjikire zonse akhonsolo. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998 inati boma lizipereka kwa makhonsolo 5 peresenti ya ndalama zimene limatolera. Bungwe la makhonsolo la MALGA lakhala likudandaula kuti gawo limeneli silifika lonse, ndipo limene lavomerezedwa limabwera mochedwa. Ntchito zinatsitsidwa kumunsi, ndalama zinatsalira kumtunda. Blantyre ndiye phata la malonda m'dziko muno, mafakitale ndi malikulu a mabanki ambiri ali konkuno, MRA imatolera zambiri mumzinda uno. Zimene zimabwerera kudzakonza ngalande za mu Limbe ndi mtsinje wa Mudi n'zosafanana ndi zimene zatuluka.

Che Hardware wa ku Limbe:
Achikulire, zonsezo ndamva, koma musawapezere pothawira. Kukhoma pepala pa geti ya msika losonyeza ndalama zolowa ndi zotuluka sikufuna 5 peresenti ya ku Lilongwe. Kutulutsa mndandanda wa angongole akuluakulu a ma rates sikufuna chilolezo cha nduna. Zimene angathe okha ayambe achita.

Kalaliki Wopuma:
Pamenepo sinditsutsa. Kungoti mndandandawo ukadzatuluka mudzapezamo mayina a anthu amene mumawaombera m'manja.

Nasibeko (woyang'anira gulu):
Chabwino abale, tisangothera kulira. Mwana wa Malamulo, ungatilembere kalata ija? Mafunso akhale ochepa kuti asapeze pozembera. Ine ndikuona atatu: ndalama zimene misika ikuluikulu inatolera chaka chathachi ndi zimene zinabwerera ku misikayo, ngongole yonse ya ma city rates ndi gawo la maofesi a boma pa ngongoleyo, komanso ndalama za khonsolo zimene zinapita ku sukulu za pulayimale ndi mayina a sukuluzo.

Che Hardware wa ku Limbe:
Onjezerani la makontirakiti, amene anapatsidwa ndi mitengo yake.

Kabaza Wachangu:
Ndi malo oimikapo njinga. Amatithamangitsa m'tauni koma sanationetse poti tiziima.

Nasibeko (woyang'anira gulu):
La makontirakiti lilowe. La njinga likhale kalata yakeyake achimwene, mukasaine ndi anzanu a pa siteji, lili ndi kulemera kwake.

Mwana wa Malamulo:
Ndilemba usiku uno, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndiponya muno mawa kuti mukonze. Ndikufuna anthu atatu osaina ndi mayina awo enieni, chifukwa kalata ya gulu lopanda nkhope ndi yosavuta kuitaya. Lamulo limawapatsa masiku 15 ogwira ntchito oti ayankhe.

A Phiri a Malendi:
Ine kusaina ndisaina, koma adiresi ya nyumba zanga musalembepo.

Kalaliki Wopuma:
Mukapita nayo mutenge makope awiri. Imodzi musiye, inayo akudindireni chidindo cha tsiku limene alandira, ndipo wolandirayo alembe dzina lake. Mukangosiya pa tebulo la alonda, mwezi wamawa adzakuuzani kuti sanaione.